Klorini wa Mchere ndi Madzi a Chilwa: Kabuku ka Mabanja ndi Asodzi a ku Phalombe

Msodzi akamanyamuka pa doko la Swang'oma kupita ku zimbowera, timisasa toyandama pa nyanja ya Chilwa, amatenga ufa, mchere, nkhuni pang'ono ndi chigubu chimodzi kapena ziwiri za madzi a pamjigo. Ufa umatha kumufikitsa milungu itatu, koma madzi ayi. Pofika tsiku lachinayi chigubu chapepuka, ndipo munthu amayamba kutunga pambali pa bwato, m'madzi omwewo amene anzake akusambamo, kutumbuliramo nsomba ndi kudzithandiziramo. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Zimene Phalombe, Sombani, Likangala, Domasi ndi mitsinje ina yabweretsa zimakhala momwemo mpaka dzuwa litamwa madziwo, monga linachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018 pamene nyanja inaphwa.

N'chifukwa chake kolera sachedwa kubwerera kuno. Anabuka pakati pa asodzi kumapeto kwa 2015, ndipo mu 2016 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la MSF anapereka katemera wakumwa m'madoko, pazilumba ndi m'zimbowera. Asodzi a m'zimbowera ankapatsidwa botolo lachiwiri kuti akamwe okha tsiku likakwana. Mliri waukulu wa 2022 ndi 2023 unayambira ku Machinga, tsidya lina la nyanja yomweyi, ndipo unagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno, n'kupha oposa 1,700. Uli mkati, namondwe wa Freddy anagumula zimbudzi ndi kukwirira zitsime kuno ku Phalombe mu Malichi 2023. Katemera amathandiza, koma mphamvu yake imatha pakapita zaka zochepa, ndipo sateteza ku taifodi kapena kutsegula m'mimba kwa mitundu ina. Madzi akumwa ndiye amafuna chisamaliro tsiku ndi tsiku.

Kabuku aka n'kothandiza mabanja, makomiti a padoko ndi magulu a m'mudzi amene amathira klorini m'madzi, kaya ndi WaterGuard wa m'sitolo, kaya ndi wosungunula amene alangizi a zaumoyo amagawa, kaya ndi wopangidwa ndi makina a mchere.

Klorini amene watha ndi amene watsala

Mukathira klorini m'chigubu, iye sasankha. Amalimbana ndi chilichonse chimene wapeza: matope, tizidutswa ta udzu wowola, mafuta a nsomba, ndele za m'kati mwa chigubu, ndiponso tizilombo toyambitsa matenda. Polimbanapo amatha. Madzi akakhala akuda kwambiri, klorini yense amathera pa zinyalala, tizilombo tina n'kutsala tamoyo. Choncho funso lofunika pakhomo ndi lakuti: patatha mphindi 30, klorini watsala wochuluka bwanji?

Wotsalayo amayezedwa m'mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi. Patatha mphindi 30 pafunika patsale 0.5 kapena kuposerapo pang'ono. Nthawi ya mliri ndi bwino kufika pa 1.0. Tsiku lotsatira, pamene mwana akumwa madzi omaliza a m'chigubucho, pazikhalabe 0.2. Wotsalayu ndiye mlonda wa madzi, amene amapha tizilombo tolowa ndi kapu kapena ndi zala za munthu wotunga. Akapitirira 2.0 madzi amayamba kununkha moti anthu ambiri amawakana, ngakhale kuti bungwe la WHO limati mpaka 5.0 savulaza thupi.

Mphuno siingakuuzeni manambala amenewa. Madzi akuda amatha kununkha klorini kwambiri pamene wogwira ntchito watha kale, chifukwa fungo lina limachokera kwa klorini amene wasakanikirana ndi zonyansa ndipo wafooka.

Matope ndi chidulo

Madzi a Chilwa ali ndi zovuta ziwiri zimene madzi a pamjigo wabwino alibe. Choyamba ndi matope. Nyanjayi ndi yosazama, ndipo mphepo ikaomba imavundula pansi, madzi n'kuoneka ngati thobwa. Tizilombo timabisala m'timatope timeneti. Musathire klorini m'madzi otere musanawadikhitse. Tungani madzulo, asiyeni m'ndowa usiku wonse, m'mawa tsanulani a pamwamba mosamala kudzera pa nsalu yoyera yopinda kanayi. Mukafuna kufulumira, sinjani njere zouma za cham'mwamba zochotsa makoko, pafupifupi njere imodzi pa lita, sungunulani ufawo m'kapu, thirani m'ndowa, takasani mwamphamvu kenako pang'onopang'ono, n'kusiya ola limodzi kapena awiri. Matope amagwirana n'kumira. Klorini muthire pambuyo, m'madzi otsanulawo, chifukwa ufa wa cham'mwamba nawonso umadya klorini.

Chachiwiri sichioneka ndi maso. Amayi amadziwa chidulo chophikira therere, mmene chimaterera m'zala. Madzi a Chilwa ali ndi kachidulo kotere, ndipo kamachuluka nyanja ikamaphwa m'chilimwe. Muyezo wake umatchedwa pH. Madzi a pakatikati amakhala pa 7, a mandimu amatsika, a chidulo amakwera. A m'nyanja muno kawirikawiri amapitirira 8. Klorini amagwira bwino pH ikakhala pansi pa 8. Pa 7.5 theka la klorini limakhala lamphamvu, koma pa 8.5 gawo lamphamvu limatsika kufika pafupifupi limodzi mwa magawo khumi. Enawo amagwirabe ntchito, koma mochedwa.

Mankhwala ake ndi nthawi. Madzi a pamjigo, a pampopi kapena a mvula adikireni mphindi 30. Madzi a m'nyanja, a m'dziwe la Mpoto kapena a m'chitsime cha m'dambo adikireni ola lathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ludzu la ola limodzi limapiririka ngati muli ndi zigubu ziwiri, china chakumwa, china chikudikira. Dziwaninso kuti klorini sachotsa mchere. Mjigo wa madzi amchere udzakhalabe wamchere ngakhale muthiremo mankhwala.

Makina opanga klorini ndi mchere

Mchere wathu wa m'khitchini uli ndi klorini m'kati mwake. Magetsi akadutsa m'madzi amchere pakati pa tizitsulo tiwiri, amamasula kloriniyo, madziwo n'kusanduka mankhwala ofanana ndi jiki wosungunula. Tizitsulo timeneti ndi ta taitaniyamu, topakidwa utoto wapadera wopyapyala kwambiri, ndipo utotowo ndiwo mbali yofunika kwambiri ya makina.

Abale athu amene amagwira ntchito m'mayadi a ku Johannesburg ndi ku Cape Town amawadziwa makina a mtundu umenewu, chifukwa maiwe osambiramo ambiri kumeneko amayendera mchere. M'dziwe losambiramo mchere umakhala wochepa, kuyambira magalamu 3 pa lita, ndipo madzi amazungulira m'makina tsiku lonse. Makina a madzi akumwa amagwira mosiyana pang'ono. Amapanga klorini wamphamvu m'kachidebe kakang'ono, inu n'kumatapa pang'onopang'ono kuthira m'zigubu. Odziwika ndi a WATA, ochokera ku bungwe la Antenna la ku Geneva, ndi a SE200, amene kampani ya MSR inapanga mogwirizana ndi bungwe la PATH. A SE200 amayendera batire la mavoti 12, ndipo pa mphindi 5 amapanga klorini wokwanira malita 200.

Titenge a WATA apakatikati ngati chitsanzo. Mumasungunula magalamu 25 a mchere pa lita iliyonse ya madzi oyera, ndiye kuti magalamu 50 m'malita 2. Mumamiza tizitsulo, kulumikiza magetsi, n'kudikira pafupifupi maola awiri. Zikayenda bwino mumapeza klorini wa 0.6 peresenti. Mamililita 5 a klorini ameneyu amakwanira chigubu cha malita 20 cha madzi oyera, choncho malita awiriwo angateteze zigubu 400, zomwe ndi malita 8,000. Mchere wake ndi wa masipuni aakulu atatu okha. Ichi ndicho chimandikopa ine pa makinawa: msewu ukaduka ndi madzi osefukira, ufa wa klorini wa HTH osafika, mchere umapezekabe pa okala iliyonse. Makina aliwonse amabwera ndi pepala la malangizo ake, ndipo manambala a papepalalo akasiyana ndi a muno, tsatani a papepala.

Ena amafunsa ngati madzi a m'nyanja, popeza ndi amchere kale, angalowe m'makina. Ayi. Mchere wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi magalamu 25 aja, ndipo matope ndi kachidulo kake zimaphimba tizitsulo. Madzi abwino kwambiri opangira klorini ndi a mvula osefa, kenako a pampopi.

Makina akavuta

Chizindikiro choyamba cha makina athanzi ndi thovu. Mukangolumikiza magetsi, timathovu tating'ono tambirimbiri timakwera kuchokera pa tizitsulo, madzi n'kuyera ngati mkaka wosungunula. Mukhale ndi chizolowezi choyang'ana thovuli mphindi yoyamba, kuti tsiku limene lachepa mudzazindikire msanga.

Ngati palibe thovu ngakhale pang'ono, vuto nthawi zambiri lili ku magetsi. Onani zopanira za pa batire. Mpweya wa klorini umadya chitsulo, ndipo zopanira zikachita dzimbiri lobiriwira magetsi sadutsa. Zipaleni ndi sandipepa, ndipo kuyambira tsiku limenelo batire lizikhala patali ndi chidebe monga momwe waya angafikire. Foni ndi wailesi musazitchajire pafupi. Onaninso kuti waya wofiira ali pa chizindikiro cha mtanda ndipo wakuda ali pa kamzere. Kenako tsatani waya yense ndi zala, chifukwa makoswe amakonda kutafuna pamene pakhudzidwa ndi manja amchere.

Thovu likakhala lochepa, ganizirani zinthu zitatu motsatana. Yambani ndi batire. Batire limene lagwira ntchito usiku wonse kuyatsa mababu ndi kutchaja mafoni lilibe mphamvu yokwanira m'mawa. Pangani klorini dzuwa litakwera, sola itadzaza batire. Kulumikiza makina ku sola mwachindunji, popanda batire pakati, kumapereka klorini wosadalirika, chifukwa mtambo uliwonse wodutsa umachepetsa magetsi pamene inu mukuwerengabe maola awiri.

Batire likakhala bwino, onani mchere. Kuyeza ndi dzanja kumanyenga, makamaka mchere wamiyala umene umasiya mipata m'sipuni. Pitani nawo pa sikelo kamodzi, yezani magalamu 50, thirani m'kapu, lembani mzere pamene wafika, ndipo kapu imeneyo ikhale ya ntchito yokhayi. Mchere usungunuke wonse musanamize tizitsulo. Wotsalira pansi sugwira ntchito, ndipo ukakhala ndi mchenga sefani pa nsalu. Kuwonjezera mchere poganiza kuti klorini akhala wamphamvu n'kulakwitsanso: makina amakoka magetsi ambiri, madzi amatentha, ndipo ena amazima okha.

Chachitatu ndi tizitsulo teniteni. Titulutseni, tiyang'aneni padzuwa. Mukaona zoyera zokakamira, ngati zimene zimagwira pansi pa ketulo, imeneyo ndi laimu ya m'madzi, ndipo mijigo yambiri ya m'chigwa muno ili nayo. Laimu imatchinga magetsi. Apa ndi pamene makina ambiri amafera, chifukwa munthu wachangu amatenga mpeni, waya kapena sitiliwulu n'kupala mpaka chitsulo chiwale. Chimawaladi, koma utoto uja wapita, ndipo subwereranso. Chofunika ndi viniga wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, kapena madzi a mandimu osefa. Tsukuluzani tizitsulo ndi madzi oyera kaye, timizeni m'vinigamo usiku wonse, m'mawa tsukuluzaninso. Laimu imasungunuka yokha. Mukamatsukuluza tizitsulo nthawi iliyonse mukamaliza ntchito, n'kutiumitsa pamthunzi, laimuyo imachedwa kubwerera.

Viniga ndi klorini zisakumane. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wotsamwitsa umene umawononga mapapo. Chidebe cha viniga chikhale china, cha klorini china, ndipo tizitsulo tidutse m'madzi oyera pochoka uku kupita uko.

Nthawi zina thovu limakhala labwino koma klorini wofooka. Funsani ngati wina anachotsa batire pakati pa ntchito kuti akatchaje foni, kapena ngati madzi anali ochuluka kuposa muyezo. Onaninso kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, madzi amene akhala padzuwa amayamba ali ofunda kale, ndipo kutentha kumawononga klorini akupangidwa kumene. Gwiritsani madzi ozizira a mumtsuko, ndipo chidebe chikhale pamthunzi. Chidebecho chikhale cha pulasitiki. Cha chitsulo chimadya klorini, nachonso n'kudyeka.

Ngati zonsezi zili bwino koma tizitsulo tasintha mtundu, utoto wakuda wasupuka mwa apo ndi apo, ndiye kuti takalamba. Palibe mmisiri wa pamsika amene angatikonze. Pafunika tatsopano, ndipo gulu lanzeru limayamba kusonkha kandalama ka zimenezi makina adakali atsopano.

Thovu lija ndi mpweya wa haidrojeni, umene umayaka ukakumana ndi moto. Pangirani klorini pakhonde kapena pansi pa mtengo, chidebe chosatseka, kutali ndi mbaula, koloboyi ndi munthu wosuta fodya.

Klorini wa makina sakhalitsa. Mugwiritseni ntchito pasanathe maola 24. Akagona masiku atatu m'botolo loonekera, pawindo, amakhala madzi amchere onunkha chabe, ndipo banja limamwa madzi osatetezedwa likuganiza kuti lathira mankhwala. Ndi bwino kupanga wochepa tsiku lililonse ndi kugawana m'mudzi tsiku lomwelo.

Kuyeza

Chida choyezera ndi kabokosi koonekera kokhala ndi zipinda ziwiri ndi mitundu yosindikizidwa pambali. Ndi komweko kamene amayezera maiwe osambiramo, ndipo a zaumoyo amakagwiritsanso ntchito pa mijigo ndi m'misasa ya kolera. Tsukuluzani kabokosi katatu ndi madzi amene mukufuna kuyeza, dzazani, ponyani piritsi la DPD 1 m'chipinda cha klorini osalikhudza ndi zala, tsekani, khutchumulani mpaka lisungunuke. Madzi amasanduka apinki. Yerekezani ndi mitundu ya pambali mutayang'anitsa kumene kuli kuwala, ndipo werengani nthawi yomweyo, chifukwa mukachedwa mtundu umapitirira kuda n'kukunamizani. Chipinda chinacho ndi cha pH, ndipo chili ndi piritsi lakelake lofiira.

Pali msampha umodzi. Klorini akachuluka kwambiri, pinki amangoti phethi n'kuzimirira, madzi n'kuyera ngati mulibe kanthu. Munthu amawonjezera mankhwala m'madzi amene achuluka kale. Mukaona pinki wothawa chonchi, sakanizani kapu imodzi ya madziwo ndi makapu anayi a madzi opanda klorini, muyezenso. Pa chifukwa chomwechi, musayeze klorini wa m'makina mwachindunji ndi kabokosika. Makina a WATA ali ndi mankhwala akeake oyezera mphamvu, otchedwa WataTest. Akatha, chitani izi: thirani mamililita 5 m'malita 20 a madzi a mvula oyera, takasani, yezani pakapita mphindi zochepa. Klorini wabwino amaonetsa pafupifupi 1.5. Akaonetsa 0.5, makina akupanga gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake, ndipo mubwerere ku batire, mchere ndi tizitsulo.

Si banja lililonse lingakhale ndi kabokosi. Kamodzi pa doko kapena pa mjigo, m'manja mwa munthu mmodzi wodalirika, n'kokwanira. Mapiritsi asungidwe pouma, ndipo amene asintha mtundu kapena kufumbutuka atayidwe.

Kupeza mlingo wa madzi anu

Mlingo woyambira pa malita 20 a madzi oyera ndi uwu: WaterGuard chivindikiro chimodzi, klorini wa makina mamililita 5, klorini wosungunula wa 1 peresenti mamililita 4. Madzi akakhala otuwa ngakhale mwawadikhitsa, wirikizani kawiri. Choyezera chabwino ndi sirinji yatsopano yopanda singano. Sipuni ya tiyi imatenga pafupifupi mamililita 5, koma masipuni a masiku ano amasiyana kukula. Klorini amene mwalandira kwa mlangizi wa zaumoyo mumufunse mphamvu yake ndi mlingo wake pomwepo, musanachoke.

Klorini wa 1 peresenti amapangidwa posungunula magalamu 15 a ufa wa HTH, womwe ndi sipuni yaikulu imodzi yosasefukira, mu lita imodzi ya madzi. Zoyera zikadikha pansi, tsanulirani a pamwamba m'botolo lakuda lotseka bwino, lembani tsiku, ndipo musapitirire nalo sabata.

Popeza madzi a kuno amasintha ndi nyengo, mlingo woyambirawu uyesedwe. Dzazani zigubu zinayi ndi madzi a pamalo amodzi. Thirani mamililita 4 a klorini wa makina kapena wa 1 peresenti m'choyamba, 6 m'chachiwiri, 8 m'chachitatu, 10 m'chachinayi. Khutchumulani, dikirani mphindi 30, kapena ola ngati ndi a m'nyanja, n'kuyeza chilichonse. Chigubu choyamba kuonetsa pakati pa 0.5 ndi 1.0 ndicho chakupatsani mlingo wa malo amenewo. Ngati ngakhale chachinayi sichikuonetsa pinki, musapitirize kuwonjezera: madziwo akufunika kudikha ndi kusefedwa kaye, kapena kuphitsidwa. Bwerezani kuyesaku mvula yoyamba ikagwa, madzi akasefukira, ndiponso nyanja ikayamba kubwerera m'mbuyo. Lembani m'kope tsiku, malo, mlingo ndi zimene kabokosi kaonetsa. Pakatha chaka kopelo limakuuziranitu mwezi umene madzi anu amadya mankhwala ambiri.

Zikachitika kuti patatha mphindi 30 klorini ali bwino koma m'mawa mwake palibe, yang'anani chigubu. Ndele za m'kati, mafuta otsalira a chigubu chimene chinali cha mafuta ophikira, chivindikiro chotayika, kapena kusiya madzi padzuwa, zonsezi zimamaliza klorini usiku umodzi. Tsukani chigubu ndi sopo ndi timiyala sabata iliyonse. Chigubu cha kukamwa kochepa chimaposa ndowa, chifukwa mwana sangapisemo dzanja. Madzi a pampopi wochokera kuphiri nawonso ayezeni. Kuyera kwake sikutanthauza kuti ali ndi klorini, makamaka mapaipi akaduka nthawi ya mvula.

Za fungo ndi mphekesera

Dandaulo lakuti madzi a klorini sakoma ndi loona, ndipo silifunika kulinyoza. Kawirikawiri limachokera pa kuthira mopyola, pamene munthu wangopendeketsa botolo osayeza. Banja likamwa madzi owawa kamodzi, limabwerera ku chitsime, ndipo kuliitananso n'kovuta. Madzi akachuluka klorini, athireni ena opanda mankhwala, muyezenso. Akakhala pa mlingo woyenera koma wina akuwakanabe, thirani mankhwala madzulo kuti amwe m'mawa, fungo litachepa, ndipo asungeni pozizira.

Mphekesera yakuti klorini amafoola abambo kapena kuletsa amayi kubereka ilibe maziko. Madzi a m'mipopi ya Blantyre Water Board ndi Southern Region Water Board amathiridwa klorini tsiku lililonse, ndipo anthu a ku Ndirande ndi a ku Zomba akhala akumwa madzi amenewo zaka zambirimbiri, akubereka ana ndi zidzukulu.

Pakhomo pakakhala wodwala

Munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi oyera ngati otsukira mpunga, muyambitseni Thanzi ORS wosungunula m'madzi otetezedwa, ndipo nyamukani naye nthawi yomweyo kupita kuchipatala, kaya ku Nambazo, ku Holy Family kapena kulikonse kumene kuli pafupi, akumwa m'njira. Kolera amatha kupha munthu wamkulu pa maola ochepa.

Otsala pakhomo amafunika klorini wamphamvu kuposa wakumwa, wa milingo itatu. Wosambira m'manja ndi wa 0.05 peresenti: kapu imodzi ya klorini wa makina pa makapu 11 a madzi, kapena sipuni yaikulu imodzi ya HTH m'malita 20. Wotsukira pansi, mphasa, ndowa, bwato ndi zovala za wodwala ndi wa 0.2 peresenti: kapu imodzi ya wa makina pa makapu awiri a madzi, kapena masipuni aakulu awiri a HTH m'malita 10. Wothira pa masanzi ndi chimbudzi cha wodwala ndi wa 2 peresenti, masipuni aakulu awiri a HTH mu lita imodzi. Uyu makina sangamupange, chifukwa amalekera pa 0.6. Choncho ngakhale gulu limene lili ndi makina lisunge HTH pang'ono. Zidebe za milingo imeneyi zilembedwe, ndipo zisafanane ndi zakumwera. Maliro a kolera asiyireni a zaumoyo.

Ufa wa HTH ndi waukali. Usungeni m'chitini chake cha pulasitiki, chotseka, pouma ndi pamthunzi, pamene ana sangafike. Usayandikane ndi petulo, palafini, oyilo, feteleza kapena asidi wa batire, chifukwa ungayake. Ukagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Mwana akamwa klorini wamphamvu, musamusanzitse. Mpatseni madzi, mupite naye kuchipatala. Mapiritsi aakulu a klorini amene wachibale angabwere nawo kuchokera ku South Africa ndi a maiwe osambiramo, ndipo ena ali ndi mankhwala owonjezera ophera ndele. Musawaponye m'madzi akumwa. Klorini wotsala musamukhuthulire m'nyanja kapena m'dziwe la nsomba, pakuti ngakhale wochepa amapha matemba ndi ana a makumba. Mukhuthulireni pa dothi louma, kutali ndi chitsime.

Wopita ku zimbowera

Klorini wa makina ndi wa pamudzi ndi pa doko, pamene angapangidwe m'mawa n'kutha pofika madzulo. Wa 1 peresenti angakufikitseni sabata yoyamba yokha. Pa ulendo wa milungu itatu tengani WaterGuard, mutaona tsiku lothera ntchito pa botolo, kapena mapiritsi a Aquatabs a mamiligalamu 67, amene limodzi limakwanira malita 20 a madzi oyera. Tenganinso ndowa yodikhitsira, nsalu yosefera ndi zigubu ziwiri, ndipo muzitunga kutali ndi pamene anthu amagona, kumene mphepo ikuchokera.

Werengerani musananyamuke. Anthu anayi amamwa ndi kuphikira chigubu chimodzi cha malita 20 pa tsiku, akasamala. Masiku 21 ndi mapiritsi 21. Popeza madzi a panyanja sayera kwenikweni ngakhale atagona m'ndowa, tengani 42, muwakulunge m'pepala la pulasitiki, muwaike m'chitini chimodzi ndi machesi ndi mapaketi a Thanzi.